Mvula ya Mabingu ndi Luso Loilosera

M'mwezi wa Disembala mvula ikhoza kukhuthuka ku Area 25 mpaka ngalande kusefukira, pamene ku Kawale, mumzinda womwewo wa Lilongwe, amayi akuanula zovala zouma bwinobwino. Ku Blantyre nakonso n'chimodzimodzi: ku Ndirande anthu abisala m'makonde a masitolo, ku Limbe fumbi likungouluka. Alimi ndiye amazidziwa kuposa aliyense, poti mvula yotereyi imatha kunyowetsa munda wa munthu n'kulambalala wa mnzake wochita naye malire. Likamalowa dzuwa, wa ku Area 25 amati a zanyengo ananena zoona, wa ku Kawale amati ananama, chonsecho onse awiri anamva uthenga umodzimodzi pa wailesi, woti kugwa mvula ya mabingu m'madera ena.

Amene amati a zanyengo ndi abodza amawalakwira. Pa mitundu yonse ya nyengo imene akatswiri amalosera, mvula ya mabingu ya m'dzinja ili m'gulu la zovuta kwambiri, ndipo imavuta ngakhale m'mayiko olemera amene ali ndi makina a mtundu uliwonse. Mphepo ya mwera imatha kudziwika kutatsala masiku atatu kapena anayi. Namondwe Freddy, amene anasakaza chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, akatswiri ankamutsata kwa milungu ingapo kuyambira pamene anabadwira pafupi ndi Australia. Koma kamtambo kamene kagwetse matalala pa fodya wa munthu ku Kasungu cha m'ma 3 koloko masana, pa 10 koloko m'mawa kamakhala kasanabadwe n'komwe.

Mmene mtambowu umabadwira

Dzuwa limayamba latenthetsa nthaka, kenako nthaka ndiyo imatenthetsa mpweya umene wagona pamwamba pake. Mpweya wotentha ndi wopepuka, choncho umakwera. Ukamakwera umafutukuka n'kumazizira, pafupifupi madigiri 10 pa kilomita iliyonse, kufikira pamene nthunzi ili m'kati mwake imasanduka timadontho ta madzi. Mtambo umayambira pamsinkhu umenewo. N'chifukwa chake timitambo toyera ta m'mawa wa dzinja timakhala tosalala kunsi, tonse pamzere umodzi, pamene kumwamba kwake kuli mabampumabampu.

Pali chinthu china chimene maso sachiona koma ndicho chimapatsa mtambo nyonga. Madzi akamasanduka nthunzi panyanja kapena padambo amatenga kutentha, ndipo nthunziyo ikabwereranso kukhala madzi mumtambo, kutentha kuja kumatuluka. Mpweya wa m'kati mwa mtambo umakhala wofundirapo kuposa wozungulira, ndiye umapitiriza kukwera, n'kukoka mpweya wina wachinyezi kuchokera pansi, nawonso n'kutulutsa kutentha kwake. Tsiku limene kumwamba kuli kouma, kapena pali mpweya wofunda umene watchinga njira, kamtambo kaja kamangofwifwa n'kuzimirira. Tsiku limene njira ili yotseguka, m'theka la ola lokha mtambo umatha kutalika kufika makilomita 15 kapena kuposerapo, kuwirikiza kasanu kutalika kwa nsonga ya Sapitwa paphiri la Mulanje. Ukafika pamene sungathenso kukwera, mutu wake umayala m'mbali n'kukhala wafulati. Akatswiri amautcha cumulonimbus.

Kumwamba koteroko kumazizira koopsa, moti madontho amaundana. Timiyala ta ayezi tokwera timagundana ndi matalala aang'ono ogwa, ndipo kugundanako kumalekanitsa mphamvu ya magetsi, ina kumutu kwa mtambo ina kumimba. Kusiyanako kukakula, mphenzi imang'anima. Mpweya wa m'njira imene mphenzi yadutsa umatentha kufika madigiri pafupifupi 30,000 m'kanthawi kochepa zedi, n'kuphulika. Kuphulikako ndiye bingu.

Zambiri za moyo wa mtambowu zinadziwika bwino mu 1946 ndi 1947, pamene akatswiri a ku America motsogozedwa ndi Horace Byers ndi Roscoe Braham anatumiza ndege zankhondo kuti zizidutsa m'kati mwenimweni mwa mitambo ya mabingu ku Florida ndi ku Ohio, uku ena akuyeza pansi. Anapeza kuti mtambo umodzi sukhalitsa. Umakula, n'kukhwima, n'kufa, zonse m'mphindi 30 mpaka ola limodzi. Chimaupha ndi mvula yake yomwe: madontho akamagwa amakokera pansi mpweya wozizira, ndipo mpweyawo umatsamwitsa wotentha uja umene unkadyetsa mtambo. Ukafika pansi umabalalika mbali zonse. Ndiko kamphepo kozizira kaja, konunkhira dothi lonyowa, kamene kamaulutsa masamba ndi mapepala mvula isanafike, ndipo kakakula mphamvu ndiko kamasasula madenga a sukulu ndi matchalitchi. Mphepo yomweyo ikafika patsogolo imatukula mpweya wotentha umene yaupeza, n'kubereka mtambo wina patali makilomita angapo. Tikamati mvula ya mabingu yatha maola atatu, nthawi zambiri imakhala mitambo ingapo yoberekana.

Apa ndi pamene pagona vuto lonse. Mphika wa phala ukakhala pamoto, wophika amadziwa kuti posachedwa uwira, ndipo sangalakwitse. Koma mutamufunsa kuti thovu loyamba liphulikira mbali iti ya mphika, sangakuuzeni, ngakhale ataphika zaka makumi anayi. Katswiri wa zanyengo amatha kuona kuti lero dziko lapsa, chinyezi chilipo chokwanira, mitambo iphulika ndithu. Koma kuti iphulikira ku Mitundu kapena ku Nathenje, zimatengera tinthu tating'onoting'ono: munda wolimidwa kumene wotentha kuposa nkhalango ili pambali pake, kaphiri kamene kakhotetsa mphepo, dambo limene linanyowa ndi mvula ya dzulo.

Chifukwa chake kompyuta imaperewera

Maganizo olosera nyengo ndi masamu ndi akale. Lewis Fry Richardson wa ku Britain anayesa kuwerengera pamanja mmene nyengo ya maola 6 okha ikanasinthira ku Ulaya. Ntchitoyo inamutengera milungu 6 ndipo yankho linatuluka lolakwika kwambiri, komabe buku limene anasindikiza mu 1922 ndilo linayala maziko. Iye ankaganiza kuti pangafunike anthu 64,000 owerengera pamodzi kuti masamu aziyenda mofulumira kuposa nyengo yeniyeniyo. Mu 1950 kompyuta ya ENIAC inachita ntchitoyi koyamba, ndipo kulosera za tsiku limodzi kunaitengera pafupifupi tsiku lathunthu.

Makompyuta a masiku ano amagawa mlengalenga wonse wa dziko lapansi m'timabokosi, n'kuwerengera kutentha, chinyezi ndi mphepo m'kabokosi kalikonse. Ku likulu lolosera zanyengo la ECMWF, limene maulosi ake amagwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri, kabokosi kamodzi n'kotambalala pafupifupi makilomita 9. Pa namondwe wotambalala makilomita mazanamazana, zimenezi n'zokwanira. Koma mtima wa mtambo wa mabingu, pamene mpweya ukukwera mwamphamvu, ukhoza kukhala makilomita awiri kapena atatu okha, ndiye umakwana m'kabokosi kamodzi n'kutsala malo. Kompyuta siuona, imangoyerekeza kuti m'kabokosi aka muyenera kuti muli mitambo yakutiyakuti. M'madera otentha ngati athu, kuyerekezaku kumakonda kulakwitsa m'njira yodziwika: kumagwetsa mvula molawirira masana, ndiponso kumamwaza mvula yochepa pamalo aakulu m'malo mokhuthula yambiri pamalo amodzi. Mayiko ena amachepetsa timabokosi. Ku Britain amagwiritsa ntchito ta kilomita imodzi ndi theka. Zikatero mitambo imaoneka ngati yeniyeni, koma kawirikawiri imakhalabe pamalo olakwika ndi makilomita makumi angapo, kapena kuchedwa ndi ola.

Ngakhale makina atakula bwanji, pali malire amene katswiri wa zanyengo Edward Lorenz anawatulukira mu 1961. Pobwereza masamu ake a zanyengo pa kompyuta, analemba 0.506 m'malo mwa 0.506127, poganiza kuti kusiyana kochepa choncho kulibe kanthu. Patapita kanthawi, nyengo ziwirizo zinasiyana kotheratu. Kalakwidwe kakang'ono pa chiyambi kamakula, ndipo chinthu chikakhala chaching'ono komanso chosakhalitsa, kalakwidweko kamachimeza msanga. Pa mphepo zikuluzikulu malirewo ndi pafupifupi milungu iwiri. Pa mtambo umodzi wa mabingu ndi maola ochepa chabe.

Kuno ku Africa vutoli limakula chifukwa miyeso yoyambira ndi yochepa. Kuti adziwe mmene kumwamba kulili, akatswiri amaulutsa mabaluni onyamula kachipangizo koyeza kutentha, chinyezi ndi mphepo, kawiri pa tsiku, ndipo baluniyo imakwera makilomita pafupifupi 30 isanaphulike. Ku Ulaya malo oulutsira mabaluniwa ndi ambiri. M'chigawo chathu ndi apatalipatali, ndipo ena amakhala osagwira ntchito chifukwa zipangizozo n'zodula ndipo chilichonse chimagwira ntchito kamodzi kokha. Dziko likamachepetsa ndalama za nthambi yoona zanyengo, kuperewerako kumakaonekera pa ulosi umene mlimi amamva.

Nanga ulosi wa mawa umatiuza chiyani? Umatiuza zambiri ndithu, tikaumvetsa. Akatswiri a nthambi yoona zanyengo ku Blantyre amatsata lamba wa mitambo wotchedwa ITCZ, pamene mphepo za kumpoto ndi za kummwera zimakumana. Amatsikira kwathu kuno cha mu Novembala ndi Disembala n'kubwerera kumpoto cha mu Malichi ndi Epulo. Amayang'ananso mphepo yachinyezi yochokera ku Congo, imene ikalowa kudzera ku Zambia imabweretsa masiku a mvula yochuluka. Amadziwa kuti mapiri a Mulanje, Zomba, Dedza, Viphya ndi Nyika amakankhira mpweya m'mwamba, choncho mitambo imakonda kuyambira kumeneko. Zonsezi zimawathandiza kusiyanitsa tsiku limene mvula igwe m'madera ambiri, tsiku la mvula ya apo ndi apo, ndi sabata ya ng'amba. Pa foni mukaona 60 peresenti, tanthauzo lake n'lakuti pa masiku khumi ofanana ndi limeneli, pamalo panupo pamagwa mvula masiku asanu ndi limodzi. Masiku anayi otsalawo kukakhala kouma, ulosiwo sunaname. Wofuna kuthira feteleza, kupopera mankhwala pa thonje kapena kuyanika ufa pamphasa angapindule kwambiri ndi nambala imeneyi kusiyana ndi yankho la inde kapena ayi.

Kulondalonda mtambo umene wabadwa kale

Poona kuti kulosera mtambo usanabadwe n'kovuta, akatswiri anapeza njira ina: kuudikira kuti ubadwe, kenako n'kuutsata. Njirayi, imene bungwe la zanyengo padziko lonse la WMO limaitcha nowcasting, imayang'ana nyengo ya kuyambira pano mpaka maola 6 akubwera. Ukaona pamene mtambo unali mphindi 30 zapitazo ndi pamene uli tsopano, umadziwa liwiro lake ndi kumene walunjika, ndipo ukhoza kuchenjeza mudzi umene uli patsogolo. Ola loyamba njirayi imaposa kompyuta ina iliyonse. Pofika ola lachitatu imayamba kufooka, chifukwa mitambo ina yafa, ina yatsopano yabadwa.

Chida chabwino koposa pantchitoyi ndi radar, imene imaponya mafunde a wailesi mumlengalenga n'kumvetsera amene abwerera atagunda madontho a mvula. Imaona mvula mpaka makilomita 200 kapena kuposerapo, mphindi zingapo zilizonse, ndipo imasiyanitsa mawawa ndi chimvula cha matalala. Mu 2021 kampani ya DeepMind pamodzi ndi nthambi ya zanyengo ya ku Britain anaonetsa kompyuta imene inaphunzira kuchokera pa zithunzi za radar za zaka zingapo, n'kumalosera bwino mvula ya mphindi 90 zikubwera. Koma radar ndi yodula kugula, ndipo kuisamalira n'kodula koposa: imafuna magetsi osazimazima, zipangizo zosinthira ndi amisiri. Kummwera kwa Africa kuno, dziko la South Africa ndilo lili ndi ma radar ochuluka. Mayiko ena ambiri amadalira maso a kumwamba.

Masowo ndi masetilaiti a Meteosat, oyendetsedwa ndi bungwe la ku Ulaya la EUMETSAT. Amakhala pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 pamwamba pa equator, ndipo amazungulira pa liwiro lofanana ndi la dziko, choncho Africa amaiona usana ndi usiku osaphethira. Akalewo amatumiza chithunzi mphindi 15 zilizonse. Watsopano, amene anaponyedwa mu Disembala 2022, amatumiza mphindi 10 zilizonse ndipo ali ndi kamera yojambula mphenzi. Setilaiti siona mvula yeniyeniyo. Imaona mutu wa mtambo ndi kuzizira kwake. Katswiri wokhala pa kompyuta akaona kadontho pamwamba pa Dedza kamene mphindi 15 zapitazo kanali pa madigiri 20 kunsi kwa ziro, tsopano kafika pa 40, kenako pa 60, amadziwa kuti mtambowo ukukwera mofulumira ndipo mphenzi ili pafupi. Akaona mzere wa mitu yozizira chonchi ukuyenda molunjika ku Salima, ndiye nthawi yochenjeza yakwana. Palinso timakina toikidwa pansi tomva kugunda kwa mphenzi patali makilomita mazana, ndipo n'totsika mtengo kusiyana ndi radar.

Chenjezo lotere limafunika koposa panyanja. Masana mtunda umatentha kuposa madzi, ndiye kamphepo kamachoka panyanja kupita kumtunda, mitambo n'kumamera m'mapiri a m'mbali. Usiku zinthu zimatembenuka: mtunda umazizira msanga, madzi amakhala ofunda, mphepo yochokera kugombe la kuvuma ndi la kuzambwe imakakumana pakati pa nyanja n'kukwera. Motero panyanja zikuluzikulu za Africa mvula ya mabingu imakonda kubwera pakati pa usiku ndi mbandakucha. Imeneyo ndi nthawi yomwe asodzi a usipa ali kutali ndi gombe, siginala ali yekha m'bwato lake ndi nyali, anzake akukonzekera kuponya chilimira. Mumdima mtambo suoneka kufikira mphenzi itauwalitsa, ndipo mphepo yotsika ija ikafika pamadzi imautsa mafunde m'mphindi zochepa. Pa nyanja ya Victoria, kumene akuti asodzi ndi apaulendo zikwi zingapo ankamira chaka chilichonse, pulojekiti ya HIGHWAY ya 2017 mpaka 2021 inathandiza Kenya, Uganda, Tanzania ndi Rwanda kukonza machenjezo a panyanja, ofalitsidwa pa wailesi m'zilankhulo za kumeneko, pa foni, ndiponso ndi mbendera ndi zikwangwani pamadooko.

Phunziro la kumeneko likutikhudza ife a ku Nkhata Bay, Nkhotakota ndi Mangochi. Chenjezo la ola limodzi limafa msanga. Likachoka pa kompyuta ya katswiri n'kudikira kusainidwa, kumasuliridwa ndi kuwerengedwa pa nkhani za madzulo, limafika mvula itagwa kale. Liyenera kufika m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena Chitonga, m'mawu ochepa, pa foni wamba yopanda intaneti, kwa munthu wa komiti ya padooko amene asodzi amamukhulupirira. Ineyo ndimaona kuti mbali imeneyi, ya kufikitsa uthenga, ndiyo ikufunika khama loposa kugula makina atsopano, poti zithunzi za setilaiti zimafika kale kwaulere ku nthambi za zanyengo za m'Africa.

Zimene maso anu angakuuzeni

Ola lomaliza mvula isanagwe, munthu woima m'munda amaona zimene kompyuta siingaone, ndipo zambiri zimene makolo ankayang'ana zimagwirizana ndi sayansi. M'mawa wotentha, wachitungu, thukuta losauma pathupi, ndi chizindikiro cha chinyezi chochuluka. Timitambo tikayamba kutalika kuposa mmene tatambalalira isanakwane 11 koloko, tsikulo ndi la mabingu. Mutu wa mtambo ukasiya kukhala wamabampu akuthwa n'kuyamba kuoneka wa nyuzinyuzi, ndiye kuti waundana, ndipo mphenzi ikhoza kuyamba nthawi iliyonse. Mphepo ya pansi isakunyengeni: kawirikawiri imaomba molunjika kumtambo chifukwa mtambowo ukuyamwa mpweya, pamene mtambo weniweniwo ukuyendetsedwa ndi mphepo ya kumwamba. Njira yabwino ndi kuuyerekeza ndi mtengo kapena phiri kwa mphindi zingapo. Ngati sukusunthira kumanja kapena kumanzere koma ukungokula, ukubwera kwa inu.

Kutalika kwa mphenzi kumayezedwa ndi makutu. Kuwala kumafika nthawi yomweyo, koma phokoso limayenda kilomita imodzi pa masekondi atatu. Mukaona ching'aning'ani n'kuwerenga kufika 15 bingu lisanamveke, mphenziyo yagwa patali makilomita asanu. Kuwerenga kukachepera 30, muli kale m'dera langozi, chifukwa mphenzi imatha kugwa makilomita khumi kapena kuposerapo kuchokera pamene pakugwa mvula, ngakhale pamalo pamene pakuwala dzuwa.

Dzinja lililonse malipoti a nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA amakhala ndi anthu ofa ndi mphenzi, ndipo ambiri amapezeka m'malo ofanana: pansi pa mtengo pobisala mvula, m'munda ndi khasu m'manja, kudambo koweta ng'ombe, pabwalo la mpira. Ku Uganda, mu Juni 2011, mphenzi inapha ana 18 pasukulu ya pulayimale ya Runyanya nthawi imodzi. Anthu ena amakhulupirira kuti mphenzi imachita kutumizidwa ndi munthu, ndipo chikhulupirirochi chagwetsera agogo osalakwa m'mavuto aakulu. Mphenzi imatsata chinthu chotalika, malo apululu ndi madzi. Sidziwa dzina la munthu. Pobisala pabwino ndi m'nyumba yolimba yokhala ndi mawaya a magetsi kapena mapaipi ofika pansi, kapena m'galimoto ya denga lachitsulo yotseka mawindo. Chisakasa, khumbi la pamsika ndi khonde siziteteza. M'nyumbamo musatsamire khoma, musagwire mpopi kapena foni imene ili pa chaja, ndipo dikirani mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza musanatuluke, chifukwa mtambo umene ukufa umagwetsabe mphenzi.

Munthu woombedwa ndi mphenzi sasunga magetsi m'thupi, choncho palibe choopsa pomugwira. Ambiri amapulumuka. Amene amafa, kawirikawiri n'chifukwa mtima ndi kupuma zaima. Ngati sakupuma, mugonekeni chagada, ikani manja anu awiri pakati pa chifuwa chake, ndipo kanikizani mwamphamvu maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, osaleka, uku wina akuthamangira galimoto yopita naye kuchipatala.